Nsomba Zimene Amalume Anakana Kudya

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tilipo. Chimanga tinakolola chokwanira, ndipo mng'ono wanga Feliya ali ndi mwana wamkazi, mphuno yake yanu yeniyeni. Koma chimene chandigwiritsa cholembera ndi dziwe lanu la nsomba, lija munakumba nokha kudambo.

Chikuikireni m'manda ndakhala ndikulisamala monga munandiphunzitsira. Madeya ndimathira m'mawa, zitosi za nkhuku ndimaika pakona, udzu wa m'mbali ndimasenga kuti ng'azi zisabisalemo. Paja munkati, "Madzi akabiriwira usadandaule, nsomba zako zakhuta." Anali obiriwira bwino, Amayi. Koma sabata yatha ndinapeza makumba onse atayandama, mimba zili m'mwamba. Ndinalira ngati mwamwaliranso kachiwiri.

Ine ndikukayikira alongo anu, amalume anga a Yohane. Chibwerere matipati aliyense kuno akulima fodya, ndipo iwo aika nazale yawo kumtunda kwa dziwe. Akhala akundiuza kuti dziwelo likungodya malo, tilikwirire afesepo fodya wina. Ndikakana amati masiku ano ndi a ufulu, dambo si la munthu mmodzi. Tsono tsiku limene nsomba zinafalo anafika ndisanawaitane, khasu lili paphewa, n'kumati wachita ndi katumbu. Katumbu wanji wopha nsomba osadya? Ndipo keni imene amasungunuliramo mankhwala a fodya ndinaiona chapafupi, yotsuka bwinobwino, chonsecho ndi munthu wosatsuka ngakhale kapu yomwera.

Ndiye ndinawayesa. Ndinakagula makumba kumsika wa Kasakula, ndinaotcha, n'kupita nawo kwawo. Ndinati ndi a m'dziwe muja, tidye asatayike. Inu mukuwadziwa alongo anu, ndiwo yankhuli saibweza. Koma anati m'mimba simuli bwino. Kamwana kawo kakang'ono katatola nsomba imodzi, anakamenya padzanja mpaka nsombayo inagwera m'fumbi. Nanga yophedwa ndi katumbu ili ndi vuto lanji? Sanandiyang'ane kumaso. Ndinangotola nsombayo, kuipukuta, n'kuidya pamaso pawo.

Madzi oipawo ndawatulutsa, matope ndikuchotsa pang'onopang'ono, ndipo mvula ikagwa ndiikamo ana a nsomba ena. Zikundiwawa chifukwa amalumewo ndi magazi anu, koma moni ndiziwapatsabe. Ndikukulonjezani, Amayi, ine ndili moyo, padziwe lanu sipamera fodya.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati