Chipepeso pa Imfa ya Mayi Chifukwa, Kapitawo wa Atelala

Kwa bambo a m'nyumba, ana, abale ndi onse amene ankawadziwa malemu,

Ife a kampani yosoka mayunifomu, kuyambira akuluakulu mpaka alonda a pageti, tadzidzimuka ndiponso tasweka mtima ndi imfa ya kapitawo wathu, amene anatisiya Lamlungu m'mawa kuchipatala atavutika ndi nthenda ya mtima kwa zaka zitatu. Dzina lawo lenileni linkangokhala m'mafayilo. Pano tonse tinkawatcha Mayi Chifukwa, poti chinthu chikalakwika sankafunsa kuti walakwitsa ndani, koma ankangoti, "Chifukwa chiyani?" ndipo ukayankha ankafunsanso, mpaka gwero lake lioneke.

Pamene ankayamba ntchito zaka khumi ndi zisanu zapitazo, anapeza malaya osatha kusokedwa ataunjikana mpaka kutseka mawindo, atelala akudumpha makatoni popita kukatenga ulusi kumapeto kwa holo. Anatha sabata yathunthu ataima pakona, akungoyang'ana. Kenako anasuntha makina kuti chovala chizichoka m'manja mwa uyu n'kugwera m'manja mwa mnzake, anaika ulusi pafupi ndi telala aliyense, ndipo anagawa tinsalu tofiira kuti woona msoko wokhota akweze m'mwamba, mzere wonse uime. Telala wina wachikulire atakweza kansalu kake koyamba, akuganiza kuti ntchito yamuthera, iwo anamuuza kuti, "Achimwene, mwatipulumutsa. Sunthani tione limodzi." Kuyambira pamenepo katundu wobwezedwa anachepa, ndipo anthu anayamba kuweruka dzuwa likadalipo.

Koma tikangolekezera pamenepa, tikhala tawanamiza anamfedwa. Ntchito itayamba kuyenda bwino maoda anachuluka, ndipo tonse tinazolowera kuthamangira kwa iwo chilichonse chikavuta. Katatu konse anakwera masitepe kubwera mu ofesi yanga, ine mkulu woyendetsa kampani, ndi kalata ya dokotala yowalangiza kupuma pantchito. Ulendo womaliza, mwezi wathawu, anakhala pansi akupumira m'mwamba, mapazi atatupa mpaka nsapato anaziponda kuchidendene.

"Bwana, ndimasuleni," anatero. "Ndaphunzitsa anthu anayi, ntchito akuidziwa."

"Mayi, oda iyi ikangotuluka, mupita kukapuma," ndinayankha.

Anaseka pang'ono. "Mwayambanso? Oda yanu iliyonse imabwera itabereka inzake kumbuyo."

Anatsika n'kubwerera kumakina. Ine ndinkaopa eni kampani, eni kampani ankaopa makasitomala, ndipo mayiwa ankaopa kuti akachoka popanda wolowa m'malo wovomerezeka, atelala awo adzayambanso kukalipiridwa ngati kale. Chitseko sichinali chokhoma, komabe sanathe kutuluka. Inu bambo, mukukumbukira tsiku limene munabwera kudzawatenga atagwa pafupi ndi tebulo lodulirapo nsalu. Munandiyang'ana n'kunena kuti, "Mkazi wanga ndimamuona Lamlungu lokha, nalonso amangogona."

Odayo inatuluka Lachisanu masana, iwo atagonekedwa kale m'chipatala. Kalata yowalola kupuma pantchito ndinaisaina tsiku lomwelo, n'kuiika m'dirowa kuti ndikawapatse ndekha Lolemba.

M'malo mwa eni kampani, atelala, odula nsalu, osita, oyendetsa magalimoto ndi onse ogwira ntchito kuno, ndikupepesa kwa inu bambo, amene mwataya mnzanu wa zaka zambiri, ndi kwa inu ana, amene munakula mukugawana mayi wanu ndi ife, gawo lalikulu n'kukhala lathu. Mulungu akupatseni mphamvu ndi chitonthozo m'masiku ovutawa, ndipo mzimu wa malemu uuse mumtendere. Kalata ija taiika mu envulopu yomweyi, pakuti ndi yawo, ndipo sitiyenera kuisunganso.

Ndine wanu pachisoni,
Mkulu woyendetsa kampani