Chiliza cha Wozimitsa Moto

Lewisham, 14 Novembala 2006

Okondedwa asuweni a Nachisale,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ife kuno tilipo, kungozizira.

Musadabwe, kuno anthu amadutsa kumanda ngati pamsewu, ena ndi agalu awo. Inenso ndimadutsako popita kokwerera basi. Pa 2 Okutobala ndinaima pa chiliza cha Thomas Pellow, wozimitsa moto wamakedzana. Palembedwa kuti anayamba ntchito mu 1871, nthawi imene ngolo yamadzi inkakokedwa ndi akavalo. Anamwalira pa 9 Malichi 1879, denga litamugwera atangotulutsa ana awiri. Nditawerengetsa kuyambira chaka chimene anabadwa, ndinapeza kuti anali ndi zaka 27. Palibe amene amasesapo, ndiye ndimasesa ine Loweruka lililonse. Ndikachokapo ndimamva fungo la utsi m'zovala.

Mwana wanga Yamiko wakwanitsa zaka 27 sabata yatha. Amulemba ntchito yomweyo yozimitsa moto, ayamba pa 8 Januwale. Anabwera ndi kalata ya ntchitoyo akuvina. "Amayi, simukusangalala kodi?" Ndinati ndasangalala, ndipo ndinamuphikira nkhuku. Za chilizacho sindinamuuze.

Muzimutchula dzina popemphera. Ine Loweruka ndikasesanso. Mwina amayi a Thomas nawonso anaphika nkhuku.

Ndine msuweni wanu,
Mable