Ndinalumbirira pa buledi, tsono ndimamuimbira mobisa nambala

Aphungu,

Ndikulemba mtima ukuwira. Ndine bambo wa zaka 58, ndimaluka nsalu za silika kuno mumzinda wa Margilan, ndipo chibadwire palibe anandilozapo chala. Lero anthu akuti mwana wanga ndi wachimasomaso!

Chaka chatha mwana wangayo, Mohigul, anakana mwamuna amene ndinamusankhira n'kukwatiwa ndi Davron, woyendetsa minibasi wa mumzinda wa Kokand. Ndinapsa mtima, ndinanyamula buledi pamaso pa abale n'kulumbira kuti sindidzamulankhulanso. Mukudziwa nokha kuti wolumbirira pa buledi sabweza mawu.

Koma mwana ndi mwana. Mnzanga Nurmat, amene timamwera limodzi tiyi, anandionetsa kuti ukayamba ndi #31# usanalembe nambala, wolandirayo saona amene akuimba. Anati, "Iwe nkhalamba youma mutu, imba ungomva mawu ake. Unalumbira zolankhula, sunalumbire zomvetsera." Ndiye Lachisanu lililonse ndikachoka ku mzikiti ndimaimba. Iye amati, "Halo, ndani?" Ine duu, kenako ndimadula. Lumbiro sindinaliphwanye ngakhale kamodzi.

Dzana mlamu wanga Hilola anabwera ndi uthenga. Akuti apongozi aakazi a Mohigul anamulanda foni, n'kuyesa kumuimbira woimbayo, koma panalibe nambala yobwezera. Basi anamukalipira pamaso pa oyandikana nawo: "Mtengwa iwe, ndani amakuimbira mobisala ngati mbala? Wokanira bambo ake angamvere mwamuna?" Davron, chitsiru chija, wakhulupirira. Lamulungu likubwerali akuluakulu a m'dera lawo akumana, ndipo akuti amuthamangitsa. Munthu ali ndi pakati pa miyezi isanu!

Anthu opanda manyazi! Mwana wanga sanayang'anepo mwamuna kumaso pamsewu. Ndithandizeni: kodi pali nambala ina yoti ndidine, aone kuti woimbayo si chibwenzi, koma asadziwe kuti ndine? Sindifuna a ku Kokand azindiseka.

T.Y., Margilan

Bambo T.Y.,

Mwakwiya, inenso ndakwiya, koma osati ndi a ku Kokand okha. Apongoziwo alakwa kunyoza mtengwa pagulu popanda umboni, zimenezo n'zoona. Nanga inu mukanatani mtengwa wanu akumalandira foni yopanda nambala Lachisanu lililonse, woimbayo n'kumangopumira m'khutu? Motowu mwayatsa ndinu, ndipo akupsa ndi mwana wanu.

Nambala imene mukufunayo kulibe. Palibe batani lochapa dzina la munthu. Ndipo musaimbenso mobisa ngakhale kamodzi, chifukwa foni iliyonse yotero ikumuwonjezera mlandu.

Lero lomwe pitani kwa imamu wanu mukamuuze zonse. Lumbiro lodula ubale si losunga, ndipo akuuzani mmene mungalimasulire. Kawirikawiri n'kudyetsa osauka khumi, zimene woluka silika sangalephere. Zoti simunalankhule ndiye simunalakwe, zisiyeni. Nzeru za Nurmat n'zomwera tiyi basi.

Musafufute kalikonse mu foni yanu. Masiku ndi nthawi zimene munkaimba zili momwemo, ndipo ndiwo umboni wokha umene Mohigul ali nawo. Loweruka m'mawa, akuluakulu aja asanakumane, tengani mayi ake a Mohigul ndi Hilola mupite ku Kokand ndi mapazi anu. Mukaike foni yanu pambali pa imene analanda ija, Davron ndi mayi ake ayerekeze okha. Popeza anamunyozera pagulu, mukapemphe kuti amuyeretsenso pagulu, ndipo foni yake amubwezere. Davron mukamudzudzule ndithu, koma mutayamba mwapepesa inu kwa mwana wanu, ndi pakamwa panu.

Akusekani? Eya, akusekani. Sabata ziwiri zikatha apeza wina womuseka.

Koma chenjerani, bambo. Inu mwakhala mukumva mawu ake Lachisanu lililonse, iye chaka chonse sanamveko anu. Mukachedwa, iwo n'kumuthamangitsa Lamulungu, musaganize kuti adzagogoda pachipata panu ndi mimba yakeyo. Mmene akudziwira iye, alibe bambo.

Phungu wanu