Ankangondiyatsira Ndudu Basi

Aphungu,

Ndine telala, ndipo mutu waima chifukwa cha mwana wanga wamwamuna wa zaka 15. Wayamba kusuta fodya, chonsecho amadwala mphumu.

Kusukulu kwawo anakhoma chithunzi cha mapapo akuda bii kuti ana aziopa. Anzake akuti imeneyo ndi satifiketi ya amuna enieni. Wina akatsokomola amamuwombera m'manja, amvekere, "Wakhoza mayeso!" Sabata yatha wanga anabanika mpaka tinathamangira naye kuchipatala, koma atatuluka anandiuza kuti, "Ndikasiya azinditchula kamwana ka amayi."

Ine ndimasuta, sindibisa, koma ndine wamkulu. Iye ankangondiyatsira ndudu pambaula manja anga akatanganidwa pamakina, basi. Kodi ndipite ndikawakalipire makolo a anzakewo?

B.K.T.

A B.K.T.,

Koma abale, anthu ena! Ndudu imayaka bwanji osaikoka? Utsi woyamba mwanayu anaumeza pokutumikirani inu, mwinanso mukumuyamikira kuti ndi wochangamuka. Lero mwati "basi" ngati munkamutuma madzi akumwa. Pitani kwa makolowo, akakulandirani ndi fungo la malaya anu omwe.

Mnyamata wa msinkhu uwu samvera pepala la pakhoma. Amayang'ana amene amaseka nawo ndi amene amamulemekeza. Kusukulu akumuwombera m'manja, kunyumba bambo ali fuu pamakina. Ndiye chithunzicho chilimbane ndi nonsenu chokha?

Lekani kumutuma, lero lomwe, ndipo fodya asayakenso m'nyumba ngakhale pashopu. Mukhazikeni pansi mumuuze kuti munamulakwira. Pakamwa sipathyoka ayi. Mubwerere naye kuchipatala akalankhule ndi adokotala payekha, kenako mulowe inunso mukafunse mmene mungasiyire, iye akumva.

Za kamwana ka amayizo musamuseke. Kwa iye kunyozedwa ndi anzake n'kowawa kuposa jakisoni. M'gulumo simulephera mmodzi amene amangonamizira kukoka chifukwa cha mantha omwewo. Mufunseni mwana wanuyo kuti mnzakeyo ndi ndani, muzimuitana kunyumba. Awiri amakana mosavuta.

Koma musachedwe, bambo, mphumu sidikira kuti munthu amalize paketi. Tsiku limene adzabanike kuseri kwa kalasi, amuna enieniwo adzabalalika kuopa aphunzitsi. Wodzamunyamula ndinu, ndipo si ulendo uliwonse umene kuchipatala amakubwezera mwana.