Adokotala Atasuzumira Kummero Kwanga Anati "Iii"

Aphungu,

Ndatopa ine. Ndine woitanira minibasi pasiteji, ndipo sikudzitama ayi, koma mawu ngati anga sanabadwenso. Ndikakuwa kuti "Wotsala m'modzi!" ngakhale munthu wopanda ulendo ankakwera, n'kukadabwa atafika. Anzanga amanditcha Sipika. Mayi wa ana ankati ndikamuitana ali kumpopi, nkhuku za aneba zimasiya kuikira.

Lero Sipika waduka waya. Mawu anasasa m'nyengo yozizira ija, mpaka pano sakubwerera. M'mawa amalira ngati chitseko cha dzimbiri, pofika masana ndi mpweya wokhawokha. Uchi ndanyambita mpaka njuchi zikundipatsa moni, mandimu, jinja, madzi amchere, osaphula kanthu. Madalaivala ayamba kundilambalala. Wina anandiuza pamaso kuti, "Iwe Sipika, ukuitana anthu kapena ukuwauza chinsinsi?" Pano ndimangonong'ona kuti ndisunge mawu otsalawo.

Mayi wa ana anandikokera kuchipatala, n'kundisiya pakhomo. M'katimo anesi anandikhazika pampando, n'kundipopera mankhwala owawa m'mphuno. Kenako adokotala analowetsa kachingwe kokhala ndi kanyali kunsonga, kotalika moti kangazungulire siteji yonse. Misozi ili chuchuchu, makutu atatseka. Iwo maso ali pa kanema, ndinangomva akuti, "Iii. Iii, bambo." Anesi nawo anandigwira paphewa, "Iiiii!"

Aphungu, liwu limenelo ndimalidziwa. Ndi lomwe makanika amanena akatsegula boneti n'kupeza injini yapita. Ndinakweza dzanja, anachotsa kachingweko, ndinati ndikataye madzi. Mpaka lero ndikutayabe madziwo. Kunyumba ndinanama kuti andipeza bwinobwino.

Fodya ndimasuta, sindikana. Ndiye ndibwerere kukamva chiyani, poti onse awiri anandilira kale? Ana anga amadya za pakhosi pangapa. Mtima sukukhala m'malo, ndipo ngakhale kudandaula mokweza sindingathe.

S.K., wa pasiteji

A Sipika,

Pepani ndi mawuwo, koma ndaseka mpaka kutsamwa. Achimwene, palibe anakulirani. Adokotala ndi anesi aja amafuna kuti inuyo munene kuti "iii"! M'kholingo muli timinofu tiwiri timene timagundana kuti mawu atuluke. Munthu akati "iii" timakumana n'kumanjenjemera, wopima n'kuona ngati pamera kanthu kapena ngati kamodzi kaleka kuyenda. Inu munangoti duu, iwo n'kumakuimbirani kuti mutsanzire, inu liwiro. Woitanira wamkulu m'dziko muno kuitanidwa n'kulephera kuyankha! Kupimako sikunathe n'komwe. Mukuthawa chigamulo chomwe sichinaperekedwe.

Sindikunamizani kuti mulibe kanthu, poti ine kummero kwanu sindinasuzumireko. Anthu okuwa tsiku lonse kawirikawiri amamera timatuza tolimba pa timinofu tija, ngati ta m'manja mwa mlimi. Timeneto timatha munthu akapumitsa mawu n'kuphunzitsidwa kuyankhula mosadzipweteka. Koma wosuta fodya amene mawu asasa kwa miyezi ayenera kupimidwa msanga, chifukwa nthawi zina imakhala khansa, ndipo yopezeka isanakhwime madokotala amalimbana nayo bwino.

Choncho bwererani sabata ino yomwe. Manyazi asiyeni pakhomo, adokotala anaona othawa ambiri. Mayi wa ana muwauze zoona, ndipo mupite nawo, akakhale pafupi ndi chitseko. Musanayambe, pemphani akufotokozereni zimene achite, ndipo akakupemphani liwu lija mulitulutse ngakhale likhale lonyansa. Iwo sakusankha a kwaya.

Kunong'onako lekani, kumatopetsa timinofu kuposa kuyankhula motsitsa. Yankhulani pang'ono, mofatsa, ndipo musamakonzekonze pakhosi. Imwani madzi pafupipafupi. Fodya mutsanzikane naye. Uchi siwoipa, koma umatsikira njira ya chakudya, pomwe vuto lanu lili panjira ya mpweya. Pasiteji gulani wezulo, kapena menyani m'mbali mwa basi ndi chikhatho, khosi lipumeko.

Chenjezo langa ndi ili. Mukayamba kubanika, kulavula magazi, kapena chakudya kumakana kutsika, musadikirenso sabata kapena kuti mayi wa ana amange mpango. Pitani tsiku lomwelo. Mawu akhoza kudikira, achimwene, koma mpweya sudikira.