Nyumba ya bambo ili pawiri, khonsolo ikuti ndi yatsopano

Aphungu,

Ndikulemba ndili wokwiya, ndiye mawu ena akakhala okhadzula mundikhululukire. Ndili ndi zaka 52, ndimayendetsa basi ya ana asukulu, ndipo chibadwire sindinapalamulepo mlandu. Koma Loweruka likubwerali ndikufuna kuphwanya lamulo mwadala, dzuwa likuswa mtengo, anthu onse akuona. Ngati pali chifukwa choti ndisatero, mundiuze msanga.

Nkhani yake ndi nyumba. Bambo anga ali ndi zaka 86. Chaka chatha anagulitsa munda wathu wa nzimbe chifukwa mawondo anawathera, ndipo mlongo wanga Gino ulimi sanaufune. Wogulayo ankafuna nthaka yokha. Nyumba ya matabwa ija, yokhala pa nsanamira zazitali, imene agogo anamanga atangofika kuchokera kwawo ku Sicily, kutsidya kwa nyanja, anati aigwetsa kuti thirakitala izidutsa bwino. Bambo anabadwira m'chipinda cha kumbuyo cha nyumbayo, mayi anatsirizikira momwemo. Atamva zoti igwetsedwa sanalire, sanakalipe. Anangosiya kudya.

Ndiye ndinachita zimene anthu kuno amachita. Ndinaitana Darcy, wosamutsa nyumba. Anaicheka pakati ndi macheka kutsata mpita wa m'kati, kuyambira kudenga mpaka pansi, n'kuikweza pa malole awiri. Anaitula pa puloti yanga kumapeto kwa tauni, pa milu ya matabwa ongogwirizira, n'kuphimba podukapo ndi lona. Pochoka anandiuza kuti, "Achemwali, yanga ndi kunyamula basi. Mapepala a msewu ndathana nawo, a khonsolo ndi anu. Musadzati Darcy sananene." Ine ndinaseka. Ndinati, "Mapepala a chiyaninso? Nyumba imeneyi ndi yakale kuposa khonsolo yeniyeniyo."

Sabata isanathe kunabwera kalata yoti ndisakhome ngakhale msomali umodzi.

Ndinapita ku ofesi yawo mtima uli m'mwamba. Ndinapeza mtsikana wina, Mayi Hallam, waulemu wake, wobwera kuchokera kummwera kumene anthu amavala majuzi. Ndiye amayang'anira za kamangidwe kosamala chilengedwe. Anandiuza modekha kuti, "Mayi, nyumba ikachoka pamalo pake n'kukakhala pena, lamulo limaiwerenga ngati yatsopano."

Ndinati, "Yatsopano? Mwana wanga, nyumba imeneyi ili ndi zaka 94. Agogo ako asanayambe kuvala thewera iyo inali itapakidwa kale penti kawiri."

Sanaseke. Anatulutsa fomu. Chilolezo chomangira chiyenera kulipiridwa, ndipo kuyambira mwezi wa Julayi khonsolo inawonjezerapo msonkho wina pa chilolezo chilichonse. Zonse pamodzi ndi madola 3,200. Ndinafunsa kuti msonkho wowonjezerawo ndi wa chiyani. Anati ndi umene umayendetsa ofesi yake, yoonetsetsa kuti nyumba zatsopano sizikuwononga magetsi. Kenako anandionetsa pa kompyuta kuti nyumba iliyonse amaipatsa nyenyezi malinga ndi mmene imasungira kuzizira. Yatsopano imafunika nyenyezi zisanu ndi ziwiri. Ya agogo anga kompyutayo inaipatsa ziwiri.

Kuti nyenyezizo zikwere, akuti ndichotse mawindo athu a timagalasi topendeketsa aja, amene amazungulira khonde lonse, ndiike magalasi otseka thi. Nditsekenso mipata ya pamwamba pa zitseko imene agogo anasiya dala kuti mphepo izidutsa. Ndinamufunsa kuti, "Ndikatseka zonsezi, mu Januwale tizipuma bwanji?" Anati, "Anthu ambiri amaika makina oziziritsa m'nyumba."

Aphungu, pamenepo m'pamene ndinapsa mtima zenizeni. Zaka 94 nyumbayo sinadyepo magetsi a makina oziziritsa. Masana kukatentha timatsegula timagalasi tija, mphepo imalowa kutsogolo n'kutulukira kumbuyo, agalu amagona pansi pa nyumba, basi. Posamutsa sindinadule mtengo ngakhale umodzi, sindinagule thumba la simenti. Koma nyumba zatsopano, mabokosi a konkire amene amanga kuseri kwa sitolo yaikulu, a madenga akuda bii, makina akulira usana wonse ngati njuchi, amenewo ndiye ali ndi nyenyezi zonse. Ndiye ine ndilipire ndalama kuti munthu alandire malipiro ondiuza kuti ndiibanikitse nyumba yanga? Kumeneko si kundidyera masuku pamutu? Ndinamuuza kuti sindilipira, ndipo ndinatemetsa nkhwangwa pamwala.

Anatchulanso za injiniya woti adzaone mmene nyumbayo idzalumikizidwire ndi kumangiriridwa pansi, koma pamenepo ndinali nditaimirira kale, sindinamvetsere bwino.

Papita masabata asanu tsopano. Tili mu Novembala, mitambo yayamba kusonkhana kumapiri madzulo aliwonse, ndipo lona ija yayamba kung'ambika m'mbali. Bambo akugona m'kalavani imene ndinabwereka, kanyumba kokoka ndi galimoto, pafupi ndi nyumba yawo yomwe. M'mawa uliwonse amatenga mpando ndi khofi wawo n'kukakhala pansi pa chipinda chawo chija, kumayang'ana m'mwamba. Dzana anandiitana, anati, "Rosa, ine ndatsala ndi dzinja limodzi, mwina awiri Mulungu akaiwala. Ndigonamo m'chipinda changa, kapena undiuze ndisiye kudikira?" Ndinapita kuseri kwa basi n'kukalira.

Gino ndiye akuti zatha. Mawu ake ndi akuti, "Iwe Rosa, ukuopa kamtsikana ka fomu? Loweruka ndibwera ndi anzanga a ku kalabu ya mpira. Tikumba maenje, tiimika nsanamira, tiilumikiza, tiwotcha nyama. Lamlungu mdala agona pabedi pake. Nyumba imeneyi inapirira anamondwe akuluakulu awiri aja, nyumba za njerwa zikuuluka madenga. Akafuna abwere adzaigwetse, tione amene adzakwere makwerero."

Kunena zoona, mawu amenewa andikomera. Sindinabe nyumba, sindinabe malo. Ndikungofuna nkhalamba igone momwe inabadwira mvula isanayambe. Ndimuuze Gino abwere?

R.T., Corrigan Flat


Mayi R.T.,

Mwafunsa ngati pali chifukwa choti musaphwanye lamulo Loweruka. Chilipo. Chili ndi zaka 86 ndipo chikugona m'kalavani.

Ndiyambe ndi pamene ndili kumbali yanu, chifukwa ndiliko ndi miyendo yonse iwiri. Nanenso ndinakulira m'nyumba ya pa nsanamira, ndipo sindifuna kompyuta kuti indiuze mmene mphepo imayendera pakhonde. Kutseka mawindo amenewo kuti mugule makina, kenako n'kumati mwasamala chilengedwe, ndi zopanda mutu. Musachotse galasi ngakhale limodzi. Nkhondo imeneyo imenyeni mpaka mapeto.

Koma mwamanga zinthu zitatu, mawindo, msonkho ndi za injiniya, m'mtolo umodzi n'kuponya zonse kudzala. Chimodzi mwa izo ndi chimene chingasunge moyo wa bambo anu, ndipo ndi chija simunachimvetsere chifukwa munali mutaimirira kale.

Gino akunena zoona kuti nyumbayo inapirira anamondwe awiri. Waiwala kuti imene inapirira inali nyumba imodzi, yokhazikika pa nsanamira zimene zinagwirana ndi nthaka kwa zaka zambirimbiri. Imene ili pabwalo panu lero yachekedwa msana. Anthu khumi a mphamvu, a mtima wabwino, mowa uli m'manja, akhoza kuilumikiza ikaoneka bwino kwambiri pa chithunzi. Mphepo ya mu Febuluwale sidzayang'ana penti. Idzafufuza pamene macheka anadutsa, idzafufuza ngati denga lamangiriridwa ku khoma, khoma ku nsanamira, nsanamira ku nthaka. Pamenepo injiniya si wa khonsolo ayi, ndi wanu. Ngakhale khonsoloyo itatsekedwa mawa, ndikanakuuzanibe kuti mumuitane. Ndipo dziwani kuti a inshuwalansi amafunafuna pothawira, ndipo nyumba yopanda chilolezo ndi khomo lowatsegukira.

Ndiye mawa m'mawa, mukatsitsa ana kusukulu, imbirani injiniya. Mukatero bwererani kwa Mayi Hallam. Mawu oyamba akhale ovomera kuti Darcy anakuchenjezani ndipo inu munaseka. Nenani kamodzi kokha, sizipha munthu. Kenako pemphani kuti ntchito igawidwe pawiri: akuloleni kuimika nsanamira, kulumikiza ndi kumangirira tsopano, mvula isanawononge matabwa, za mawindo mukangane pambuyo. Sindikukulonjezani kuti avomera. Koma ofesi iliyonse imachita mantha ndi nyumba yosamangirira imene ili pafupi ndi nyumba za anthu ena nyengo ya namondwe itayandikira. Akumbutseni zimenezo, ndipo yankho lawo alembe papepala.

Ndalama ija lipirani. Ndikumva kukukuta mano kwanu kuchokera kuno, koma lipirani, ndipo mulembe kalata yonena kuti mwalipira mosagwirizana nazo. Musalipire ngati wogonja. Lipirani ngati munthu amene walemba wantchito. Mtsikanayo anakuuzani yekha kuti msonkhowo ndi umene umayendetsa ofesi yake. Chabwino, ndiye ofesiyo ibwere pabwalo panu. Muitaneni adzaime pakhondepo, osati m'mawa kuli kozizira, koma 2 koloko masana, ndi choyezera kutentha m'manja, timagalasi tili chitsegulire. Akachoka pamenepo mupite naye m'bokosi la konkire lija makina atazimitsidwa. Mufunseni, molemba, ngati palibe njira ina yoyezera nyumba yakale yosamutsidwa kupatula kompyutayo. Kawirikawiri malamulo otere amakhala ndi kakhomo ka m'mbali, koma sakutsegulira ngati sunagogode. Ndipo musamamutchule kuti kamtsikana monga amachitira mlongo wanu. Iye sanalembe lamulolo, ndipo akaona ndi maso ake akhoza kukhala mboni yanu yabwino kuposa Gino.

Akakana, musabwerere kunyumba kukalira kuseri kwa basi. Darcy akudziwa aliyense amene anasamutsa nyumba m'dera lanu, mufunseni mayina. Pitani nonse kwa khansala wanu, kenako ku msonkhano wa khonsolo nthawi ya mafunso a anthu. Funso lanu likhale limodzi: ngati msonkhowu ndi wosamalira chilengedwe, n'chifukwa chiyani ukulanga munthu amene wapulumutsa nyumba yonse osadula mtengo? Pemphani kuti nyumba zosamutsidwa zizichotseredwa msonkhowo, ndipo ndalama yanu akubwezereni. Anzake a Gino aja, ngati akufuna kuonetsa chamuna, akadzaze mipando ya m'holoyo. Nyama mudzawotcha injiniya akadzabweretsa pulani, ndipo maenje adzakumba anzake a Gino omwewo.

Bambo anu anakufunsani funso lolunjika, ayankheni molunjika. Auzeni kuti asasiye kudikira, auzeni tsiku limene injiniya akubwera, ndipo akhalepo pamene akuyeza, pakuti palibe amene akudziwa mtanda uliwonse wa nyumbayo kuposa iwo. Koma muwauzenso zowawazo: mpaka pepala la injiniya litasainidwa, sagona m'mwambamo ngakhale tsiku limodzi, ngakhale atakulirirani. Chenjezo la namondwe likamveka, m'kalavaninso atulukemo, apite kumene mumagona inu kapena kwa Gino.

Khonsolo mukhoza kuigonjetsa mwezi wamawa kapena chaka chamawa, ndipo ndikufuna mudzaigonjetse poyera. Mlandu wa mawindo ukakukanikani lero, mudzauyambanso. Koma denga likadzanyamuka bambo ali pansi pake, palibe msonkhano umene mudzakwezeko dzanja. Mudzaima pamaso pa abale anu onse, ndipo adzafuna kudziwa amene anauza nkhalambayo kuti ilowe.

Aphungu