Nkhope ya Amayi pa Khoma la Golosale

Middlesbrough
9 Novembala 2025

Okondedwa achemwali anga a Tupochile,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Mwendo uja unkatupa mukaimitsa pa kauntala unaphwa? Nanga alamu anga, bambo a Daniel, ali bwanji pamodzi ndi ana? Ine kuno ndikudzuka, kungoti chimfine cha kuno sichitsanzika, chimangosintha mphuno.

Kalatayi ndapatsira mayi Nthanda, namwino wa kutchalitchi kwathu kuno, amene kwawo ndi kwa Chinamwali. Akhala kumeneko masabata atatu. Mu envulopumu mupezanso pulasitiki yopindapinda, tepi ndi cholembera chakuda chachikulu. Musapatse ana, ntchito yake ndifotokoza kumapeto.

Ndalemba chifukwa pa foni tsiku lija ndinalankhula ngati chitsiru. Inu munangondiuza bwinobwino kuti a kampani ya mafoni akufuna kupenta golosale yonse mtundu wawo mwaulere n'kukupatsani ntchito yotumiza ndalama, ine ndiye kuyamba kukuwa kuti wokhudza khoma lija aona zakuda. Munadula foni, ndipo munachita bwino. Pepani, achemwali. Koma mumve chimene chinandikuwitsa, chifukwa sunali mwano wokha.

Mukudziwa kuti pa khoma limenelo, mbali yoyang'ana msewu wa ku Liwonde, ndi pokhapo pamene patsala nkhope ya amayi. Kujambulitsa ankakana, ankati adzatero akadzagula chitenje chabwino, mpaka anatisiya chitenjecho chisanagulidwe, ziphaso za unzika zisanabwerenso. Ndinawajambula ndi penti yotsala mwezi wotsatira maliro, ali ndi beseni lawo la nthochi, ndipo anthu a pa Songani ankaima n'kumawapatsa moni. Zithunzi za khomalo zinapita ndi foni yanga yakale imene inagwera m'bafa ndikusambitsa munthu. Chimene munanditumizira chaka chatha munajambula muli tsidya la msewu, minibasi itatseka theka, nkhope ikuoneka ngati nyemba. Ndikachikulitsa imasanduka nkhungu.

Za kuno sindikuuzani kawirikawiri. Ndimagwira m'nyumba yosungira okalamba, shifiti ya maola khumi ndi awiri: kudzutsa, kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza. Chitseko cha panja chimatseguka ndi manambala anayi amene okalambawo sauzidwa. Ine manambalawo ndimawadziwa, koma musaganize kuti ndine mfulu. Viza yanga inamangidwa pa dzina la nyumba imeneyi. Ndikachoka kapena akandichotsa, akuti ndili ndi masiku 60 okha oti ndipeze ena ondilemba, apo ayi ndilongedze. Ndiye abwana athu, mayi Shirley, akafunsa ngati ndingabwerenso Lamulungu, ndimavomera mano ali pamtunda. Tchuthi chobwera kumudzi ndapempha kawiri, yankho ndi lomwelo lakuti antchito achepa, tidzaona chaka chamawa. Zimandiwawa, koma ndikadandaulire ndani?

M'nyumbamo muli madala ena, a Ralph, a zaka 84, amene anali mphunzitsi wa zojambulajambula. Sitiroko inawapha dzanja lamanja n'kuwakhazika pa chikuku, koma mutu uli bwinobwino ndipo pakamwa ndi lumo. Tsiku lina anandipeza ndikujambula kuseri kwa pepala la ndandanda ya chakudya. Anayang'anitsitsa n'kunena kuti manja amene ndimajambula amaoneka ngati phava la nthochi. Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti ine ndapenta masitolo kuchokera pa Songani mpaka ku Domasi, mitu ya ometa, nkhuku za m'malesitilanti, ndipo palibe anadandaulapo. Iwo anangoseka n'kundituma kuti ndikatenge buku la zithunzi pamwamba pa kabati yawo.

Zithunzizo anajambula okha ali mnyamata, akuyenda pa basi m'matauni ang'onoang'ono a ku Amereka. Zonse ndi za makoma a m'mapositi ofesi. Anandifotokozera kuti m'zaka za m'ma 1930 chuma cha kumeneko chinagwa, mabanki kutseka, mafakitale kutseka, anthu kufola pamzere wa chakudya, minda ina kuuluka n'kukhala fumbi. Pa nthawi imeneyo boma linkalipira ojambula kuti azipenta zithunzi zazikulu pa makoma a nyumba za boma. Ine ndinaseka, ndinati boma lanji lolipira munthu wa bulashi anthu akugona ndi njala. Iwo anandifunsa ngati munthu wa bulashi alibe mimba.

Achemwali, mukanaona. Abambo akukolola chimanga, mikono ngati misi. Amayi atanyamula ana pafupi ndi ngolo. Ng'ombe, njanji, timapiri tozungulira ngati milu ya mbatata. A Ralph anati ambiri mwa ojambulawo anatopa n'kutengera za ku Ulaya, anaganiza zoti munthu azijambula kwawo, anthu akwawo ndi ntchito zawo. Anatinso eni malowo akabwera kudzagula sitampa sankasowa chonena: wina ati chimanga sichisanjidwa choncho, wina ati hatchi siimangidwa choncho. Ndinakumbuka azakhali a ku Malosa atandiimitsa pa makwerero kuti duku la amayi ndalimangira mbali yolakwika, mpaka ndinafufuta n'kuyambiranso. Kenako madalawo analoza zithunzi zingapo n'kunena kuti makoma amenewo kulibenso, ena anapakidwa penti, ena nyumba zake zinagwetsedwa. Ananena mopanda chisoni, ngati akunena za mvula.

Chinandidabwitsa n'chakuti m'buku lonselo sindinaonemo munthu wowonda. Wojambula ali ndi njala, koma pa khoma pali zokolola zokhazokha. Ndinafunsa ngati limeneli si bodza. Iwo anandifunsa kuti ine ndimatumiza zithunzi zotani kumudzi. Inu mukuzidziwa: jekete yabwino, chipale chofewa kumbuyo, mano onse panja.

Nkhani yoti ndimajambula inafika kwa mayi Shirley. Oyendera nyumba za okalamba akubwera Khirisimasi isanafike, ndiye anafuna kuti khoma la m'chipinda chochezera lioneke bwino. Anandipempha kuti ndipentepo nyanja ndi maluwa pa masiku anga opuma, popanda malipiro, poti akuti mapepala anga salola ntchito ina. Sindinatsutse. Amene anatsutsa ndi a Ralph. Anamenya ndodo pansi n'kunena kuti anthu a m'nyumbamo sanakule akuthyola maluwa, anakulira mu utsi wa fakitale ya zitsulo, ndipo khomalo lionetse zimenezo. Anavuta mpaka abwana anagonja.

Ndiye tinapenta Middlesbrough yakale: mlatho wabuluu wautali uja wa pa mtsinje wa Tees, machumuni, abambo a zipewa akupita kuntchito, amayi pa makomo. A Ralph ankalamula ali pa chikuku. Anandiphunzitsa njira ya akatswiri a makoma. Umayamba wajambula pa pepala lalikulu, n'kuboola mizere yonse ndi singano, n'kumata pepalalo pa khoma, kenako n'kumagunditsa sokosi yodzaza fumbi la makala. Ukachotsa pepala umapeza chithunzi chonse chili pa khoma, timadontho tokhatokha. Zaka zonse zija ndinkangoyesa ndi maso, osadziwa!

Odandaula sanasowe. Gogo wina, mayi Joan, amene sakumbukiranso dzina la mwana wawo yemwe, anandikoka malaya n'kunena kuti chitini cha chakudya ndachilakwitsa, cha amuna awo chinali ndi chogwirira pamwamba. Ndinakonza. Tsopano m'mawa uliwonse amaima pamenepo n'kumuuza bambo wa pa khomayo kuti asachedwe kubwera. Masabata amenewo ndi okhawo, chibwerereni kuno, amene ndinadzimva kuti ndine Willie, osati manja obweretsa tiyi.

Titatsala pang'ono kumaliza, a Ralph anandiuza kuti ndisiye malo pakona ndiikepo munthu wanga, chifukwa wopenta khoma la eni ake amayenera kubisapo wakwawo. Sindinaganize kawiri. Pansi pa mlathowo ndinajambula amayi ndi beseni la nthochi. Thupi linabwera lokha: kaimidwe kaja kotsamira mwendo umodzi, dzanja m'chiuno, duku lomangira kumanzere. Nditafika pa nkhope, dzanja linaima.

Ndinayesa koyamba, munatuluka inu. Ndinafufuta. Kachiwiri anatuluka mayi wina wa m'kwaya ya kuno. Kachitatu sanatuluke munthu aliyense. Ndinatseka maso kuti ndiwaone, ndipo ndinamva mawu awo, ndinamva ngakhale fungo la sopo wawo, koma nkhope ayi. Achemwali, ndaiwala nkhope ya amayi. Ndachita manyazi kulemba zimenezi, ndipo ndili ndi mantha. Tsiku limenelo ndi lomwe ndinakuimbirani nditangotsika pa makwerero, inu n'kundiuza za a kampani ya mafoni.

Panopa pa khoma la kuno paima mayi wopanda nkhope. Mayi Shirley akuti akuopsa okalamba, ndipo andipatsa mpaka pa 10 Disembala kuti ndimumalize, ndikalephera ndimupake penti yotuwa asanduke chipupa cha fakitale. A Ralph anati ndingoika nkhope ya munthu wina aliyense, palibe angadziwe. Ndinawayankha kuti azakhali a ku Malosa angadziwe.

Za golosale ndaganiza mofatsa. Avomereni a kampaniwo. Golosaleyo ndi imene ikudyetsa ana, khomalo lang'aluka kale, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ine ndilibe mphamvu yoletsa zinthu ndili kutali, pamene ngakhale tsiku lobwera sindikulidziwa. Amayi omwe akanati mupente, malonda ayende.

Pempho langa ndi limodzi. Opentawo asanafike, mudzuke m'mawa dzuwa lisanatenthe khoma. Mupukute nkhope ya amayi ndi kansalu konyowa, osakhula. Mumate pulasitiki ija pamwamba pake ndi tepi, ngodya zonse zinayi, kuti isasunthe. Kenako mutenge cholembera chija muzitsata mzere uliwonse umene mukuuona kudzera mu pulasitikiyo: maso, nsidze, mphuno, makwinya a pachipumi, kachipsera kaja ka pachibwano. Musaope kuti simudziwa kujambula, mungoyenda m'mene ndinayenda ine. Bambo a Daniel angokugwirirani makwerero, koma cholembera mugwire inu. Mukafika pakamwa musawongole, amayi ankaseka chopendekera. Chithunzi cha pa foni sichinandithandize, koma mizere imeneyi ndidzaiboola ndi singano n'kuigunda makala, ndipo dzanja langa lidzakumbuka njira. Mukamaliza muipinde inki itauma, mupereke kwa mayi Nthanda asananyamuke.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti mawu aja a pa foni sindinkanena iwo. Moni kwa azakhali a ku Malosa ndi amalume onse. Moni kwa Daniel ndi alongo ake, alimbikire sukulu. Musaiwalenso anansi a pa golosale, makamaka aja ankapatsa amayi moni pa khoma.

Ngati kalatayi ipeza khoma litapentedwa kale, musandiimbire kuti mundiuze, ndipo musadzione wolakwa. Mungobweza pulasitikiyo mmene ilili, yosalembedwa. Ndikadzaitambasula ndidzamva, n'kukatenga ndekha penti yotuwa ija.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Willie